Njiwa, Legeni ndi Lamulo M'minda ya Blantyre

Mvula yobzalira ikagwa kumapeto kwa Novembala, mapiri ozungulira Blantyre amasanduka minda. Kumtunda kwa Makata ndi Malabada m'phiri la Ndirande, ku Namiyango ndi ku Ntopwa cha ku Bangwe, ndiponso m'mbali mwa phiri la Soche moyang'anana ndi Zingwangwa, anthu amalawira m'bandakucha, khasu paphewa, mbewu m'kajumbo. Iwo akangotsika kumafika alendo ena. Akhwangwala amayenda mzere ndi mzere kufukula mapando, njiwa nazo zimatola njere iliyonse imene sinakwiririke bwino. Pakapita sabata ziwiri mwini munda amabwereranso kudzapakiza, ndi mbewu yogula ndi ndalama imene ikanagula ndiwo.

Mlimi wotereyu akafunsa ngati lamulo limamulola kuwombera mbalame zomuthera mbewu, amakhala akutokosa nkhani imene yavuta dziko lino kuyambira m'ma 1890. Chodandaulitsa n'chakuti m'zaka zonsezi lamulo lakhala likukambirana ndi munthu wamfuti, pamene wolima ndi khasu nkhondo yake wakhala akuimenya ndi pakhosi, ndi ulimbo, ndi legeni, ndipo masiku ano ndi poizoni.

David Livingstone atadutsa m'dera lamapiri la kum'mawa kwa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima mapira, mawere, nyemba, thonje ndi chimanga. Mapira ndiwo anali ndi ntchito yaikulu, chifukwa ngala yake imakhala poyera. Njere zikangoyamba mkaka, mpheta ndi njiwa zinkadziwa msanga kuposa mwini wake, ndipo kuyambira pamenepo mpaka tsiku lokolola munda sunkasiyidwa wokha. Pakati pa munda ankaimika nsanja. Kuchokera pansanjapo zingwe za luzi zinkapita mbali zonse mpaka kumalire, zitamangiriridwa zikho zakale ndi zigoba. Mwana ankakwera dzuwa lisanatuluke, mulu wa zibuma uli pambali pake. Mbalame zikatera kumpoto, iye ankakoka chingwe cha kumpoto n'kukuwa. Zikazungulira kummwera ankaponya chibuma. Masana dzuwa likaswa mtengo mbalame zinkapuma, iyenso n'kuotcha mbatata, koma chakumadzulo nkhondo inkayambiranso. Inali ntchito ya milungu ingapo, yotopetsa, ndipo banja lopanda ana okwanira linkakolola mapesi.

Kulondera ndi kusaka inali ntchito imodzi. Anyamata ankaphika utomoni wa mitengo n'kupanga ulimbo, n'kuupaka patimitengo timene ankatchera pamene mbalame zimakonda kutera kapena pamadzi pamene zimamwera. Ankatcha madiwa, mwala waphanthiphanthi utatsamira pakamtengo, pansi pake atawazapo gaga. Njiwa yogwidwa m'munda inali ndiwo ya tsikulo. Malamulo analipo, koma ankakhudza nyama zikuluzikulu: uzimba unkaitanidwa ndi mfumu, ndipo mwini dziko anali ndi gawo lake pa nyama yophedwa. Za mbalame yodya mapira a munthu, palibe amene ankapita kukapempha chilolezo kubwalo.

Mfuti zinalipo kale Azungu asanakhazikike. Amalonda a Chiyao ankabwera nazo kuchokera kugombe la nyanja yamchere, mfuti za gogodela zothira onga kukamwa, zosinthanitsa ndi minyanga ndi akapolo. Koma onga unali wodula, ndipo palibe wanzeru akanauthera pa njiwa. Gogodela inali ya njovu, ya nguluwe yowononga usiku, ndi ya nkhondo. Pamene a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, pamalo amene Henry Henderson anasankha pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, anapeza anthu amene mantha awo aakulu anali ogwira akapolo ndi nkhondo ya Angoni, imene inafika m'derali mu 1884 n'kuthawitsira ambiri m'mapiri ndi pamishoni.

Zinthu zinasintha dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891. Pangano la ku Brussels la 1890, limene cholinga chake chinali kuthetsa malonda a akapolo, linapatsa maboma a atsamunda mphamvu yoletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi onga kwa anthu akuda. Harry Johnston, Bwanamkubwa woyamba, anaika msonkho wa nyumba, umene unakhazikika pa mashiling'i atatu, komanso ziphaso za mfuti ndi za kusaka. Amene anamulowa m'malo, Alfred Sharpe, anali atayamba moyo wake kuno ngati mlenje wa njovu. Mu 1897 boma linapatula malo awiri oyamba otetezeramo nyama, Elephant Marsh kuchigwa cha Shire ndi dambo la nyanja ya Chilwa. Malamulo amenewa analembedwa ndi alenje, poganizira alenje anzawo. Mzungu wa pa esiteti ya khofi ku Blantyre kapena ku Zomba ankatha kugula chiphaso, n'kutenga mfuti yake ya machaka Loweruka madzulo kukawombera nkhwali, nkhanga ndi njiwa ngati masewera. Munthu wolima pamalo omwewo, amene ankalipira lendi ndi thangata, sakanatha kufikira ngakhale mtengo wa chiphasocho.

Kuti mfuti inali itasanduka malire pakati pa wolamula ndi wolamulidwa zinaoneka usiku wa pa 23 Januwale 1915. Gulu limodzi la anthu a John Chilembwe, amene ankaukira boma la atsamunda, linayenda kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu mpaka ku Mandala, kusitolo ya African Lakes Corporation, kukafuna mfuti ndi zipolopolo. Anatulukamo ndi mfuti zowerengeka chabe alonda atadzutsa tauni. Kuukirako kutazimitsidwa, boma linayamba kuyang'ana mfuti ili m'manja mwa munthu wakuda ndi diso lokayikira kwambiri kuposa kale.

Mkangano waukulu unabuka cha m'ma 1926 ndi 1927, boma litabweretsa lamulo latsopano la nyama zakuthengo limene linapanikiza njira zakale zosakira monga mbuna, maukonde ndi misampha. Apa panachitika chachilendo. Amishoni, Azungu a maesiteti ndi mabungwe a anthu akuda otchedwa Native Associations anapezeka ali mbali imodzi, aliyense pa zifukwa zake. Ena ankati nyama zakuthengo ndizo zimasunga kashembe wofalitsa matenda a kaodzera ndi kupha ng'ombe. Ena ankati n'kupanda chilungamo kulamula munthu kukhoma msonkho kuchokera m'munda mwake, kenako n'kumulanda zida zotetezera mundawo. Dandaulo lachiwirili linali loona, ndipo mpaka lero silinayankhidwe mokwanira.

Yankho la boma linali kugawa zolengedwa pawiri. Zina zinali nyama zaulemu, zosakidwa ndi chiphaso. Zina, monga anyani ndi nguluwe, zinalembedwa kuti ndi zowononga, zoti ziphedwe popanda chisoni. Dipatimenti yoona za nyama, nsomba ndi kashembe imene inakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 inali ndi alenje a boma amene ntchito yawo inali kupha nyama zoononga minda. Choncho mphamvu yoteteza munda ndi mfuti inachoka kwa mwini munda n'kupita kwa munthu wa yunifomu, amene ankafika akaitanidwa, nthawi zambiri nguluwe itadya kale. Pa nthawi yomweyo, mu 1947, Azungu okonda zachilengedwe anayambitsa Nyasaland Fauna Preservation Society, kholo la bungwe limene lero ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kunabwera lamulo lina la nyama ndi lina loteteza mbalame zakuthengo.

Komabe chimene chinachepetsa ntchito ya pansanja sichinali lamulo ayi. Chinali chimanga. Chimanga chimabisa njere zake m'makoko, ndipo chikangomera n'kupyola masabata oyamba, mbalame zing'onozing'ono sizichitha. Amuna atayamba kupita ku thangata, ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo ana atayamba kupita kusukulu za mishoni, mbewu yosafuna mlonda tsiku lonse inali mpumulo waukulu kwa amayi otsala pamudzi. Mapira anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, n'kutsala kwambiri kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire. Kusinthaku kunali ndi mtengo wake. Mapira amapirira ng'amba kuposa chimanga, ndipo mvula itadula mu 1949 njala inakantha kwambiri boma la Blantyre, makamaka cha ku Lunzu ndi ku Lirangwe, monga Megan Vaughan anafotokozera m'buku lake la 1987 lonena za njalayo.

Tauni nayo inali kukula. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa mu 1956, ndipo mu 1966 unakhala mzinda. Mafakitale monga David Whitehead ndi Carlsberg atatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anthu ochokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Ntcheu anadzaza Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa. Anabwera ndi makasu awo. Malipiro a pafakitale sankakwana kugula ufa chaka chonse, motero kachigawo kalikonse kopanda nyumba, m'mphepete mwa Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula, kanabzalidwa chimanga, maungu ndi nandolo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzindawu, ndipo ambiri mwa iwo amadyako chimanga cholimidwa mkati mwa malire a mzinda momwemo.

M'makwalala a m'malokeshoni amenewa ndi momwe legeni inakhala mfumu. Chida chimenechi si chamakedzana monga ambiri amaganizira, pakuti sichikanatheka popanda mphira wa machubu a njinga ndi galimoto. Mnyamata amasankha mphanda ya mtengo wa gwafa yolingana bwino mbali zonse, amaisenda n'kuiwamba pamoto kuti ilimbe. Malamba awiri amawadula ndi lezala kuchokera kuchubu chakutha chimene wapempha kwa wokonza njinga, ndipo kachikopa koikapo mwala kamachokera ku lilime la nsapato yotayidwa. Mthumba la kabudula mumadzaza timiyala tosalala ta mumtsinje, kapena timipira tadongo toumika padzuwa. Wodziwa kulasa amadikira njiwa itere panthambi, amatseka diso limodzi, n'kukokera mphira mpaka kukhutu. Mawindo ambiri ndi maso angapo zinapita ndi legeni, koma kwa zaka zambiri ndiyo inali mfuti yokhayo imene banja la mulokeshoni likanaikwanitsa.

Zaka za m'ma 1990 zinasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Nkhalango ya paini ndi mitengo yachilengedwe imene inkaphimba phiri la Ndirande inadulidwa m'zaka zochepa za kusintha kwa ndale, ndipo pamalo pake panabwera mizere ya chimanga mpaka pafupi ndi nsonga. Soche, Bangwe ndi Mpingwe anatsata njira yomweyo. Mbalame za m'nkhalango zinasowa, n'kutsala zija zodziwa kukhala ndi anthu: akhwangwala odya kudzala, mpheta, ndi njiwa zimene chakudya chawo ndi njere zapansi. Kenako mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Palibe kholo lanzeru lingadandaule kuti mwana ali m'kalasi m'malo mokhala pansanja. Koma zotsatira zake n'zakuti munda wa kuphiri, umene mwini wake ali ku ganyu ku Limbe kapena akugulitsa tomato mumsika wa Ndirande, umakhala wopanda mlonda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. M'malo mwa mwana munabwera zidole zovekedwa malaya akutha, majumbo omangirira pazikhomo, tepi ya makaseti yomangidwa mzere ndi mzere kuti izing'anima ndi kulira ndi mphepo. Mbalame zimaopa masiku atatu kapena anayi, kenako zimazolowera.

Nanga lamulo la lero likuti chiyani? Mu 1992 Nyumba ya Malamulo inaphatikiza malamulo akale a nyama, mbalame, ng'ona ndi malo otetezedwa kukhala lamulo limodzi, National Parks and Wildlife Act, limene linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Lamuloli limazindikira kuti munthu ali ndi ufulu woteteza moyo wake ndi katundu wake, kuphatikizapo mbewu, ku nyama imene ikuwononga. Koma ufuluwo uli ndi malire. Nyama yotetezedwa ikaphedwa mwa njira imeneyi siikhala ya wopha. Iyenera kukanenedwa kwa akuluakulu a dipatimenti ya nyama zakuthengo. Kusaka mbalame zimene zili pamndandanda wa boma kumafuna chiphaso chakechake cha mbalame. Kugwiritsa ntchito poizoni, ulimbo, ukonde kapena khwekhwe pa zolengedwa zotetezedwa ndi mlandu. M'malo otetezedwa, monga nkhalango ya Michiru kumtunda kwa Chilomoni, kusaka kwa mtundu uliwonse n'koletsedwa, ngakhale mbalameyo ikhale yomwe ija inadya mbewu dzulo. Kusintha kwa 2017 kunakweza zilango mpaka zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu yokhudza nyama ngati njovu, chipembere ndi ngaka.

Mfutiyo payokha ili ndi lamulo lake. Munthu sangakhale nayo popanda chiphaso chochokera kupolisi, chimene chimayenera kukonzedwanso nthawi ndi nthawi. Ndipo ngakhale wachiphasoyo, kuliza mfuti pakati pa nyumba zothithikana za ku Safarao kapena ku Chimwankhunda, kumene kuseri kwa mzere uliwonse wa chimanga kungakhale mwana kapena mayi wothyola ndiwo, n'kuika miyoyo pachiswe, ndipo malamulo a milandu amalanga mchitidwe wotere. Kunena mosapsatira, mlimi wa m'tauni ufulu wowombera ali nawo papepala pokha. Mindandanda yonena kuti mbalame iyi ndi yotetezedwa, iyi ayi, imatuluka m'Chingerezi m'gazeti ya boma, ndi mayina a Chilatini, kutali ndi mayi amene akupakiza chimanga ku Machinjiri Area 10.

Palinso mbalame ina imene lamulo la nyama zakuthengo siliikhudza n'komwe. Nkhunda zoweta zili ndi mwini. Makola ake amaoneka m'malokeshoni onse, ataimikidwa pamitengo inayi kapena atakhomedwa pansi pa denga, opangidwa ndi matabwa a makatoni, zigubu zodula pakati ndi malata akutha. Akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano, ndipo banja limene nkhunda zake zikuswana limanyadira. Vuto n'lakuti nkhunda imadzidyetsa yokha. Imauluka m'mawa kupita kuchigayo, pamkeka pamene mnansi wayanika mphale, kapena m'munda mongobzalidwa kumene soya ndi mtedza. Woilasa ndi legeni wapha chiweto cha mnzake, ndipo ameneyo ndi mlandu wowononga katundu ngati kupha nkhuku kapena mbuzi ya eni. Nkhani zotere kawirikawiri sizifika kukhoti. Zimathera kwa mfumu kapena kwa mkulu wa buloko, kumene wina amalipira mbalame, winayo n'kulonjeza kutsekera nkhunda zake masiku obzala. Mbalame ikatera pauta siilasika, ndipo mnansi amene mumatungira naye madzi pampopi umodzi simungamutengere kupolisi chifukwa cha nkhunda ziwiri.

Maiko olemera nawonso nkhaniyi sinawathere. Ku England alimi akhala akuwombera njiwa zazikulu za kumeneko, zimene zimawononga mbewu za mafuta ndi nsawawa, pogwiritsa ntchito chilolezo cha onse chimene munthu sachita kufunsira. Pa 25 Epulo 2019 bungwe la boma la Natural England linachotsa zilolezo zitatu zotere, zokhudza mitundu 16 ya mbalame, gulu la Wild Justice la Chris Packham ndi anzake litakasuma kuti zinkaperekedwa mosatsata lamulo. Alimi anakwiya, pakuti inali nyengo yobzala. Zilolezo zinabwerera patapita masabata angapo, zikutsindika mfundo yakuti munthu ayambe wayesa njira zoingitsa asanaphe. Mfundo imeneyo mlimi wa ku Bangwe amaitsata kale, osati chifukwa cha lamulo koma chifukwa alibe njira ina. Ndipo odziwa za mbalame amavomereza kuti kupha sikuthetsa vutoli: njiwa imaikira mazira awiri okha, koma imaswa kangapo pachaka, ndipo malo a yophedwa amalowedwa msanga ndi ina yochokera kutsidya, bola chakudya chikhalepo.

Boma limalowererapo mwamphamvu pokhapokha mbalame zikabwera mwa chikhamu. Timbalame ta quelea, timene timagwera mpunga ndi mapira m'zigwa, timawerengedwa pamodzi ndi dzombe ngati mliri wa dziko, ndipo Malawi ali m'bungwe la maiko a m'chigawo chino lolimbana ndi dzombe lofiira, limene likulu lake lili ku Ndola ku Zambia, lomwenso limathandiza pa mbalamezi. Njiwa ya m'phiri la Soche siifika pa mlingo umenewo. Imadya pang'onopang'ono, munda umodzi nthawi imodzi, ndipo mwini munda amatsala yekha ndi mkwiyo wake.

Mkwiyo umenewo ndiwo watsegulira khomo chida choopsa kuposa zonse zakale. M'misika yambiri mumapezeka timapepala tomanga ta mankhwala akuda a njerenjere amene anthu amangoti tameki, ogulitsidwa ngati ophera makoswe. Dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo anapangidwira tizilombo ta m'nthaka m'minda ikuluikulu, osati kuti azigulitsidwa ndi sipuni pambali pa tomato. Wotopa ndi kupakiza amanyika chimanga m'mankhwalawa n'kuchimwaza m'munda. Sipamveka kulira kwa mfuti, palibe mnansi amene angakanene kupolisi, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuposa wa paketi ya mbewu. Dziko lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndi bungwe la Pesticides Control Board ku Bvumbwe loyang'anira malonda ake, koma timapepala tija timadutsa m'manja ambiri kumene oyendera safikako. Apa ndi pamene akuluakulu a zaulimi, a zanyama ndi mafumu a m'malokeshoni ayenera kuika mphamvu zawo, m'Chichewa, mwezi wa Okutobala mvula isanagwe, chifukwa poizoni sasankha. Amapha njiwa, nkhunda za mnansi ndi nkhuku zomwe. Amapha mphaka, galu ndi kadzidzi amene wadya mtembo, kadzidzi yemweyo amene akanachepetsa mbewa m'munda. Bungwe la World Health Organization linaika aldicarb m'gulu la mankhwala oopsa koposa onse kwa munthu, ndipo njiwa yodya chimanga chonyikidwa imatha kukagwera panjira kunja kwa munda, kumene mwana wochokera kusukulu angaitole, n'kuisosola, n'kukaiotcha.